Mapiritsi a Loweruka ndi Lamlungu

Pasukulu ponse panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Ana, makolo, aphunzitsi anzawo, ngakhale mayi wosesa m'makalasi, onse ankangoti Mayi Bwerezani. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Mwana akabwera ndi samu yolakwika, iwo sankakalipa ndipo sankagwira ndodo. Ankangoyang'ana kope, kenako mwini kopelo, n'kunena liwu limodzi: "Bwerezani." Ankalinena mwaulemu choncho ngakhale kwa kamwana ka mamina, ndipo ulemu umenewo unkawawa kuposa khofi.

Anali mayi wamtali, wouma thupi, wa masiketi aatali osita bwino. Anaphunzitsa masamu m'kalasi yomaliza ya pulayimale kwa zaka 29, m'chipinda chimodzimodzicho, chakumapeto kwa mdadada, cha mawindo anayi oyang'ana pabwalo. M'zaka zonsezo sanatulukepo m'kalasi phunziro lili mkati, ndipo ankanyadira zimenezo mosabisa. Chaka chimene tikunenachi chinali chawo chomaliza asanapume pantchito. Anali ndi ana 74, ndipo anatsimikiza mumtima kuti anawo awafikitsa okha pakhomo la chipinda cha mayeso. Wina aliyense akanatha kutenga kalasiyo chaka chamawa, koma chaka chino ayi.

Matenda a shuga anawapeza m'chaka chimenecho. Mng'ono wawo, amene ankakhala nawo nyumba imodzi chimwalirireni amuna a mayiwo ndipo ankasoka zovala pakhonde, ndiye anawakokera kuchipatala. Anali atachepetsa siketi imodzimodziyo kawiri m'miyezi itatu, ndipo anati telala sanamizidwa ndi chiuno. Dokotala amene anawaona anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo womaliza, ndevu zongomera kumene. Anawabaya chala, n'kuyang'ana kamakina, n'kupukusa mutu. Anawalembera mapiritsi oyera aakulu, limodzi m'mawa, limodzi madzulo, pamodzi ndi chakudya.

"Mwina m'mimba muvuta pang'ono masiku oyamba, amayi," anatero akulemba, osadzutsa n'komwe mutu.

Pang'ono! Anthu a kuchipatala ali ndi pang'ono wawowawo amene enafe sitimudziwa.

Tsopano tinene za chimbudzi, popeza nkhani yonse yagona pamenepo. Chimbudzi cha aphunzitsi chinali tsidya lina la bwalo, moyang'anizana ndi makalasi. Ahedi, bambo wokonda dongosolo amene anabwera pasukulupo zaka zitatu zapitazo, anaikapo loko, ati chifukwa ana ndi anthu odutsa ankachiwononga. Kiyi wake anali mmodzi yekha, ndipo ankapachikidwa pa msomali mu ofesi, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wawo. Kuti wina asaiwale kiyiyo m'thumba, anamumangirira ku thabwa lalikulu ngati chikhatho, lopaka penti wofiira. Ndiye mphunzitsi wamkulu bwinobwino, wa ana ndi zidzukulu, ankayenera kugogoda, kupereka moni, kupempha, kenako kudula bwalo lonse atanyamula thabwa lofiira, sukulu yonse ikuona kumene akupita. Amene anayamba kuganiza nzeru zimenezi Mulungu amukhululukire.

Lolemba loyamba la mapiritsi, Mayi Bwerezani anadzuka m'kamwa mukumveka ngati ayamwa msomali. Pofika 9 koloko m'mimba munayamba kuwira. Anapirira mpaka belu la buleki, ataima chiriri pa bolodi, thukuta likutsika kumsana. Tsiku limenelo anagogoda mu ofesi katatu. Ulendo wachitatu ahedi anamwetulira akuwapatsa thabwa lija.

"Madamu, kiyiyu lero wasanduka mnzanu wapamtima."

Mwina sankafuna kunyoza. Koma pakhomopo panali aphunzitsi awiri achinyamata, ndipo onse anayang'ana pansi nthawi imodzi. Mayi Bwerezani anachita manyazi moti makutu anawatentha mpaka pobwerera kunyumba.

Madzulo ake anakhala patebulo ndi pensulo, n'kuchita zimene ankadziwa bwino. Awiri pa tsiku, masiku asanu ndi awiri, ndiye mapiritsi 14 pa sabata. Chofunika, anadziuza, n'chakuti mankhwalawo alowe m'thupi. Tsiku lake lolowera thupi silisunga kalendala. Anawagawa chonchi: Lachisanu madzulo awiri, Loweruka anayi, Lamlungu anayi, omaliza pasanafike masana kuti m'mimba mukhale mutazizira pofika Lolemba. Zinakwana khumi. Anayi otsalawo ankawaponya m'kabokosi kakale ka choko, m'chikwama chawo cha kusukulu, poti samu yogawa nthawi zambiri imakhala ndi zotsala. Mwana akanabwera ndi maganizo otere pa kope, iwo akanamubweza asanafike n'komwe pa desiki lawo. Koma munthu akamadzichongera yekha sakhala ndi cholembera chofiira.

Kuyambira pamenepo Loweruka ndi Lamlungu zinasanduka masiku a chilango. Ankangozungulira pakati pa bedi ndi chimbudzi, ali mbuu. Mng'ono wawo uja anasowa mtengo wogwira. Anasintha mafuta ophikira, anasiya kugula mkaka, anayamba kuwiritsa madzi akumwa, mpaka anakayambana ndi wogulitsa nyama popanda chifukwa.

"Achemwali, matenda anuwa akudziwa bwanji kuti lero n'Loweruka?"

"Iwe soka zovala zakozo. Za m'mimba mwanga zisiye."

Tsiku lawo lopita kuchipatala linkakhala Lolemba m'mamawa, sukulu isanayambe. Ndiye taganizani: munthu wameza mapiritsi khumi, wakhala masiku awiri osadya zolongosoka, n'kupereka chala. Nambala inkatuluka yooneka bwino, anamwino n'kuwayamikira kuti ndi wodwala womvera. Iwo ankalandira chiyamikirocho m'maso muli gwa.

Koma pofika Lachitatu shuga ankabwerera pamalo pake ngati mwininyumba. Ludzu linkawagwira pakhosi, koma kusukulu sankalawa madzi ngakhale dontho, kuopa kuti madziwo angawatumize ku ofesi kuja. Lilime linkamata kumwamba akamafotokoza. Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Nambala 3 ndi 8 zinkaoneka ngati mapasa. Tsiku lina analemba yankho lolakwika pa bolodi ana onse n'kukopera. Sabata yotsatira anathetha masamu olondola m'makope khumi ndi awiri. Makolo awiri anabwera kudzadandaula, ndipo ahedi anawaitanitsa.

"Madamu, mwagwira ntchito zaka zambiri, tonse tikudziwa. Chipinda chosungira mabuku chikusowa munthu wokhulupirika. Muli phee mmenemuja, mukhoza kumakhala pansi tsiku lonse. Kalasi yanu timupatse mphunzitsi watsopano uja, mupumuleko."

"Ahedi, kodi ndinakuuzani kuti ndatopa?"

"Simunanene, koma makope akunena."

"Makopewo ndiwachonganso. Kalasi ndi yanga mpaka mayeso."

"Tiona pakutha pa mwezi," anatero ahedi, akuwongola mapepala amene anali owongoka kale.

Patatha miyezi itatu, kuchipatala anawatenga magazi pamkono m'malo mwa chala. Kuyeza kumeneko n'kwina: kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yonse, osati m'mawa umodzi wa Lolemba. Dokotala uja anayang'ana pepala nthawi yaitali.

"Amayi, mankhwala mukumwa tsiku lililonse?"

"Ndikumwa."

Linali bodza, lochokera pakamwa pa munthu amene anagwaditsapo ana ambiri chifukwa cha bodza. Koma akanayamba bwanji? Kumufotokozera mnyamata wa ndevu zongomera za m'mimba mowira, za thabwa lofiira, za aphunzitsi oyang'ana pansi? Analola kunama. Ndipo dokotalayo, pokhulupirira mawu a munthu wamkulu, anaganiza zimene aliyense akanaganiza, kuti mankhwala akuchepa. Anakweza aakulu aja kufika atatu pa tsiku, n'kuwonjezera kena kakang'ono kakumwa m'mawa.

"Aka n'kamphamvu," anawachenjeza. "Kamodzi kokha pa tsiku, ndipo mukamwa musadumphe chakudya."

Munthu wina akanaimira pomwepo. Mayi Bwerezani anatenganso pensulo. Loweruka lotsatira anameza aakulu awiri ndi ting'onoting'ono titatu, n'kutsikizira tiyi wopanda kanthu, poti nseru sinkawalola kuyang'ana buledi. Cha m'ma 11 koloko, akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, manja anayamba kunjenjemera. Thukuta lozizira linatuluka kamukamu, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka. Mng'ono wawo anamva mawu achilendo n'kusiya makina. Anawapeza atakhala pansi m'dothi, akukalipira chingwe choyanikira zovala, mawu akutuluka opindika ngati a munthu woledzera. Mwamwayi anakumbukira zimene anamwino anamuuza tsiku loyamba lija. Anathamangira kukhitchini, n'kusungunula shuga m'kapu, n'kuwamwetsa pang'onopang'ono iwo akukankha dzanja lake. Atatsitsimuka anaitanitsa galimoto ya aneba.

Anawagoneka kuchipatala. Pofunafuna buku la kuchipatala m'chikwama cha kusukulu, mng'ono wawo anakhudza kabokosi ka choko kolemera modabwitsa. M'mawa mwake dokotala atabwera, iye anangokhuthula kabokosiko pa kathebulo ka pambali pa bedi. Mapiritsi oyera anabalalika, ena kugubudukira pansi.

"Auzeni nokha, achemwali," anatero mwaukali. "Ine ndinayambana ndi wogulitsa nyama chifukwa cha inu."

Ndiye ananena zonse, kuyambira Lolemba loyamba mpaka ting'onoting'ono titatu tija. Sanagwetse nkhope. Dokotalayo anagwira pakamwa.

"Amayi, mukudziwa kuti mukanafa dzulo?"

"Ndikudziwa. Kunama ndinanama, ndipo samu yanga inali yolakwika, zimenezo ndavomera. Koma nanunso, adokotala, mumve mbali yanu. Munandifunsa ngati ndikumwa. Simunandifunsepo kuti ndimagwira ntchito yanji, ndimaima maola angati, kapena kuti chimbudzi chili kuti. Munati pang'ono. Mwanangu, munayamba mwaimapo pamaso pa ana 74 ndi pang'ono ameneyo?"

Mnyamatayo anaika cholembera pansi. Kenako anakoka mpando n'kukhala pansi, zimene anali asanachitepo.

"Sindinaimepo. Pepani, ndikanafunsa. Koma mumve izi. Matumbo amazolowera mankhwalawa akamawalandira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Inu mumati akangoyamba kuzolowera, mwasiya masiku anayi, kenako mwawathira anayi nthawi imodzi. Lachisanu lililonse mumayambanso tsiku loyamba."

Anagwirizana zoyambira pansi. Ting'onoting'ono tija anatichotsa. Aakulu aja, limodzi lokha pa tsiku, pakati pa chakudya cha madzulo, kwa masabata awiri; kenako kuwonjezera la m'mawa. Pakatha mwezi m'mimba musakusintha, abwerenso, chifukwa alipo ena osungunuka pang'onopang'ono, ndiponso a mtundu wina. Koma pensulo asaigwirenso paokha.

"Masabata oyamba a piritsi la m'mawa akhoza kukuvutani ndithu, sindinenanso kuti pang'ono," anatero dokotala. "Ndikulembereni kalata mupume mwezi umodzi."

"Kalata imeneyo ndi imene ahedi akuidikira. Ndikapuma mwezi ndikapeza kalasi yanga ili ndi mwini wina. Isungeni."

Lolemba pamsonkhano wa aphunzitsi, ahedi atamaliza za ana ochedwa ndi udzu wa pabwalo, Mayi Bwerezani anaimirira.

"Anzanga, ine ndili ndi matenda a shuga. Mankhwala ake amanditsegula m'mimba. Ndakhala ndikuwazemba miyezi itatu chifukwa cha manyazi, mpaka maso anayamba kuvuta, ndipo Loweruka ndinatsala pang'ono kufa. Tsopano ndizimwa tsiku lililonse. Ndikupempha kiyi wanga wa kuchimbudzi."

Ahedi anatsokomola.

"Madamu, nkhani zoterezi timakambirana mu ofesi."

"Mu ofesimo ndalowamo mokwanira, ahedi."

"Tikumvetsa vuto lanu. Koma ndikapatsa mmodzi, mawa aliyense afuna wake, dongosolo lonse latha. Ofesi imakhala yotsegula nthawi zonse. Tiona."

Panali aphunzitsi khumi ndi asanu ndi mmodzi m'chipindamo, aliyense ndi matumbo ake, aliyense ananyamulapo thabwa lija mutu uli pansi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Zimenezi zinawapweteka Mayi Bwerezani kuposa yankho la ahedi.

Masabata awiri a piritsi limodzi anayenda bwinoko. Chifunga cha m'maso chinayamba kuchoka, botolo la madzi linabwerera pa desiki. Kenako linafika Lolemba lowonjezera la m'mawa, patatsala masabata asanu ndi awiri kuti mayeso ayambe. Anakhala patebulo piritsi lili m'manja, mng'ono wawo ataima potero ngati wapolisi.

"Kapena mudikire mayeso athe, achemwali? Tikawauze adokotala."

"Mayeso akamatha ndikhale wosaona? Patse madzi."

Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba m'zaka 29, anaika choko pansi phunziro lili mkati. "Pitirizani, ndikubwera," anauza ana. Anagogoda mu ofesi, n'kutenga thabwa lofiira, n'kudula bwalo atalinyamula poyera, osathamanga. Lachiwiri anapita kawiri.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko, ali pa funso lachinayi, m'mimba munapotokola mwadzidzidzi, mosapereka mpata wokambirana. Anatuluka mofulumira. Ofesi imene imakhala yotsegula nthawi zonse ija inali yokiya. Kunabwera lole ya madesiki atsopano, ndipo ahedi anali kugeti lakutali uko akulangiza otsitsa, makiyi a ofesi ali m'thumba mwawo. Zimbudzi za ana zinali kuseri kwa bwalo la mpira, mtunda umene thupi linali litakana kale. Anathamangirabe pakhomo la chimbudzi cha aphunzitsi, mayi wa zaka 59 kuthamanga pabwalo, n'kugwira loko ndi manja awiri, n'kugwedeza. Chitsulo sichimva chisoni. Zimene anaziopa miyezi yonseyo zinachitika pomwepo, ataima, dzuwa likuswa mtengo, mawindo anayi a kalasi yawo atadzaza nkhope.

Amene anafika ndi mayi wosesa uja. Anawaphimba kumbuyo ndi nsalu yake, n'kuwatsogolera ku kachipinda kosungira matsache ndi ndowa, n'kubweretsa madzi ndi sopo, n'kutseka chitseko iye ali panja. Mumdima wa kachipindako, pakati pa fungo la mankhwala okolopera, Mayi Bwerezani analira. Analira ngati mmene sanalirire pa maliro a amuna awo, atatseka pakamwa ndi dzanja kuti asamveke. Ankafuna nthaka ing'ambike.

Chitseko chinatseguka pang'ono, dzanja n'kulowetsa yunifolomu yabuluu ya osesa, yochapa.

"Valani iyi, mayi. Zanuzo ndichapa ine. Kuseri kuno kuli kampata pampanda, mukhoza kutulukira pamenepo. Palibe akuoneni."

Anavala. Yunifolomuyo inali yaifupi, yolekeza m'mawondo, ndi batani limodzi losiyana ndi anzake. Anatuluka n'kuyang'ana kampatako. Kanali pafupi, masitepe khumi basi, ndipo kuseri kwake kunali msewu wopita kunyumba. Anadziwa bwino lomwe kuti akadutsa pamenepo sadzapondanso pasukulu pano. Ana amene anawaona lero adzakula akunena kuti aphunzitsi aja anadziipitsira n'kuthawa, ndipo zaka 29 zidzathera pa mawu amenewo.

"Zikomo, mayi," anatero. "Koma ndasiya funso pakati."

Anasamba kumaso pa mpopi, n'kudulanso bwalo lomwelo. Pakhomo la kalasi anapeza ahedi, nkhope itagwa, thabwa lofiira lili m'manja. Pambali pawo panali mphunzitsi watsopano uja atagwira choko, akuoneka ngati akufuna kuthawa.

"Madamu, pepani kwambiri. Sindinadziwe kuti... Pitani kunyumba mukapume. Mnzathuyu agwirizira kalasi."

"Ahedi, mwaima pakhomo langa."

"Koma madamu, mmene zakhaliramu, anawa..."

"Anawa ali ndi mayeso. Thabwa lanulo sindikulifunanso. Ndikamatulukanso muno, ndipo ndituluka, pakhomo la chimbudzi paja pasakhale loko. Tsopano ndidutse."

Ahedi anapatuka. Mphunzitsi watsopanoyo anapereka choko ndi manja awiri.

Atalowa, ana onse 74 anaimirira, koma moni wa masiku onse uja sunatuluke. Atsikana akutsogolo anayang'ana pansi, ena misozi ili lengelenge. Kumbuyo kunamveka kaphwete kamodzi, n'kufera pomwepo. Mayi Bwerezani anaima pakati, m'yunifolomu ya osesa, miyendo yowonda ili poyera, n'kuwayang'ana mzere ndi mzere mpaka kumapeto.

"Zimene mwaonazo mwaona," anatero. "Ndikudwala shuga. Mankhwala ake ndi amene achita zimenezi. Madzulo ano ndimwanso, mawa m'mawa ndimwanso, chifukwa ndikufuna kuona makope anu ndi maso anga. Amene akufuna kuseka aseke tsopano, timalize."

Palibe anaseka.

"Khalani pansi."

Anatembenukira ku bolodi, n'kupereka msana kwa ana onsewo, chinthu chovuta kuposa zonse zimene anachita tsiku limenelo. Choko chinathyoka kawiri asanamalize kulemba funso lachinayi lija. Anawerama, n'kutola kachidutswa kamene kanagwera pafupi ndi phazi lawo, n'kupitiriza kulemba.